Sadaka ya a Kassimu Inagwa Loweruka

Ntchito ya kumatenti ndinaipeza kudzera mwa Abiti Amidu, msuweni wa malemu amuna anga. Panali patapita miyezi ingapo chiikireni maliro a amuna angawo, a Kassimu, ndipo m'nyumba tinatsala awiri, ine ndi mwana wanga Asiyatu. Chimanga chinali chitafika pansi pa thumba. Abiti anabwera m'mawa wina, anakana mkeka, n'kuyankhula ali chiimire.

"Mlamu, misozi sathira m'poto. Kumatenti akufuna manja. Mangani chitenje chakale, tiyeni."

Ndinamanga, n'kuwatsatira.

Ine kwathu ndi ku Ntcheu. Dzina loti Felesita ndinalandira pa ubatizo ku Katolika, ndipo sukulu ndinalekeza kupulayimale, bambo anga atamwalira. A Kassimu ndinakumana nawo pamsika akugulitsa utaka wouma, ndipo ananditengera kwawo ku Lungwena. Kuno mwamuna ndiye amapita kukakhala kwa mkazi, koma ine ndinali wakutali, choncho tinamanga pamalo a alongo awo. Njerwa tinaumba tokha, malata tinakhoma pang'onopang'ono, chaka chino chipinda ichi, chaka chamawa icho. Chisilamu sindinalowe, iwonso sanandikakamize. Kutchalitchi anandiletsa kulandira chifukwa cha ukwatiwo, ndipo patapita nthawi ndinangoleka kupitako. Pa Ramadani ndinkasala nawo limodzi, chifukwa kudya wekha mnzako akuyang'ana kumbali sikukoma. Asiyatu ankapita kumadrasa. Amuna anga ali moyo, palibe amene ankandifunsa kuti ndine wa mbali iti. Ndinali mkazi wa a Kassimu, basi.

Kumatenti ndi kampani yaing'ono imene imagula usipa padoko, kuufutsa, kuuumitsa, n'kuulongedza m'mapaketi opita m'masitolo a m'tauni. Matentiwo ndi nyumba zazitali za pulasitiki yoonekera, ndipo mkati mwake muli mathandala a neti mizeremizere. Ntchentche sizilowa, fumbi sililowa, mvula silowa. Mphepo nayo imalowa yochepa. Ukalowamo masana a m'chilimwe, thukuta limayenderera mpaka m'magambutsi.

Ntchito imayamba mabwato akangokocheza. Usipa umabwera m'mabeseni, ndipo choyamba timautsuka ndi madzi a pamjigo, osati a m'nyanja. Kenako kusankha, kuchotsa tiutaka tosakanikirana, ndere ndi usipa wophwanyika. Wabwinowo timathira m'sefa yaikulu ya waya, n'kuumiza mumgolo wodula pakati momwe mukuwira madzi a mchere. Kufutsa si kuphika ayi, umangouopseza. Maso akangoyera umatukula sefa, n'kuikhazika pamitengo iwiri kuti madzi akhe. Ukachedwa kutukula, usipa umasanduka phala. Ukafulumira, umanunkha usanaume. Madzi akakha umanyamula kupita kutenti, n'kumwaza pathandala ndi dzanja lotambasula, kuti nsomba isagone pa inzake. Dzuwa likakwera umabwerera kukatembenuza. Zonsezi ndi zothamanga, chifukwa usipa sudikira munthu. Ukangokhalitsa m'beseni, dzuwa n'kuuwomba, mimba imaphulika, ndipo wotero amagula ndi oweta nkhuku okha.

Masabata oyamba manja anga anasupuka ndi mchere. Msana unkakana kuwongoka, ndipo fungo silinkachoka ngakhale nditasamba ndi sopo kawiri. Asiyatu ankati amphaka a m'mudzi wonse andidziwa. Koma ndinkafika kunyumba wotopa moti sindinkapeza nthawi yoyang'ana mbali ya mphasa imene inali yopanda munthu, ndipo chimenecho chokha chinkandithandiza.

Kapitao wathu anali a Gondwe, mnyamata wa ku Rumphi amene anaphunzira za nsomba kukoleji. Chiyao sankamva, koma mtima anali nawo wabwino, ndipo ndikunena izi poyera kuti wina asaganize kuti ndikuwanyoza. Abiti amati iwo asanabwere kumatenti kunali nkhondo. Kapitao wakale ankafuna aliyense tsiku lililonse. Asilamu akachoka Lachisanu ankawakalipira, a Sabata akakana kubwera Loweruka ankawachotsa, ndiye amayi ankangodyana okhaokha, awa akuti awo ndi aulesi, awo akuti awa amakonderedwa.

A Gondwe anatigawa patatu. Panali a Lachisanu, a Loweruka ndi a Lamulungu. Gulu limodzi likamapuma, magulu awiri enawo ankagwira. Anagula mapoto osiyana ophikira chakudya cha masana, kuti nyama yosachinjidwa mwa Chisilamu isakhudze poto la Asilamu, ndiponso kuti mlamba usalowe m'mbale za a Sabata, poti iwo sadya nsomba yopanda mamba. Kuseri kwa sitolo anayala mkeka wa ofuna kuswali. Pa Ramadani osala ankawachotsa pamoto n'kuwaika kolongedza, kumthunzi. Ankanyadira zimenezi, ndipo anali ndi chifukwa. Alendo akabwera kudzaona matenti ankawauza kuti, "Pano palibe wotsala kunja. Aliyense ali ndi tsiku lake."

Tsiku langa loyamba anandifunsa dzina.

"Felesita."

"Aa, wa Lamulungu uyu. Joana, landira mnzako."

Sindinatsutse. Tsiku lopuma ndi tsiku lopuma, ndipo ndinabwera kudzapempha ntchito, osati kudzafotokoza mbiri yanga. Zoti ndine wamasiye ankadziwa. Koma kuti malemuwo anali ndani, sanafunse, nanenso sindinanene.

Joana anali Mkatolika weniweni, wa kwaya. Makolo ake anathawa nkhondo ku Mozambique iye ali kumsana, ndipo anakulira kuno. A Loweruka ankatsogoleredwa ndi Esnati, mayi wathupi, wa pakamwa posatseka. Posankha usipa ndi pamene ankayambana.

"Inu a Lachisanu mumabera," ankatero Esnati. "Lachisanu mwapuma, kenako mwezi wathunthu muli pamthunzi."

"Bwera udzasale nafe, uone ngati ndi mthunzi," ankayankha Abiti. "Iweyo tikhoza kukunyamula tsiku loyamba lomwe, dzuwa lisanafike pamutu."

"Ine ndimasala."

"Umasala chiyani? Mlamba?"

Joana ankaseka mpaka kugwetsa usipa pansi, Esnati n'kumutembenukira. "Iwenso usaseke. Kwaya yako imayamba kuyeserera Lachinayi, ntchito n'kumaimbira m'beseni."

Ine ndinkaseka nawo. Lamulungu langa ndinkachapa zovala, n'kugona.

Koma nkhani ya nyumba inali isanathe. Pamaliro paja, Che Jafali, mkulu wawo wa amuna anga, anati zonse zidzakambidwa pa sadaka ya chaka. Sadaka ndi chakudya chimene abale amaphika pokumbukira womwalira, shehe n'kuwerenga duwa, pemphero la Chisilamu. Anthu akatha kudya, akuluakulu amakhala pansi, kumasula mkazi wamasiye ndi kugamula za katundu. Malo anali a alongo awo a malemu, ndipo mwana wamkazi wa mlongo mmodzi anali pafupi kukwatiwa. Aliyense ankaona kumene maso a mtsikanayo ankaloza akamadutsa pakhomo panga. Abale anali ogawikana. Ena ankati Felesita akhale, alere mwana wa Kassimu pakhomo pa bambo ake. Ena ankati ameneyo ndi Mkhristu, wa ku Ntcheu, mtima wake suli pano.

Abiti anandilangiza tsiku lina tili pabeseni limodzi. "Tsikulo mukafike pamoto m'bandakucha. Akuoneni mukupeta mpunga wa amuna anu. Akuoneni mwakhala pakati pa amayi nthawi ya duwa. Che Jafali ndi munthu wa maso, mlamu. Zimene waona ndi zimene amagamula."

Che Jafali anaika sadaka Loweruka, kuti abale ogwira ntchito m'tauni athe kubwera. Inali yochitikira kwawo, kumtunda, kufupi ndi manda, ulendo wautali ndithu ukamayenda pansi. Lachitatu Abiti anapita kwa a Gondwe kukapempha. Mawu amene ananena anandiuza okha pambuyo pake: "Bwana, Loweruka tili ndi sadaka, tonse a pabanjapo tikufunika." Kwa Abiti, woyamba pa a pabanjapo ndinali ine. Kwa a Gondwe, sadaka ndi mwambo wa Asilamu, ndiye a pabanjapo ndi a Lachisanu. Anavomera ndi mtima wonse. Abiti anabwera n'kundigwira phewa, amvekere, "Zatheka, mlamu." Ndinakhulupirira, nawonso anakhulupirira.

Lachisanu masana, a Lachisanu atachoka kale, a Gondwe anatiitana pachipata. Anali atakwera kale njinga yamoto, chipewa chake chili pamkono.

"Mawa tili ochepa. A Loweruka kulibe monga mwa nthawi zonse, a Lachisanu ndawalola apite kumwambo wawo. Ndiye a Lamulungu nonse mulawirire. Ndi mdima uno, mwezi kulibe, usipa ukufa wambiri."

Anzanga anabalalika. Ine ndinayandikira njinga.

"Bwana, sadakayo ndi ya kwathu."

Anaseka, koma osati monyoza. "Mayi Felesita, kuno kunyanja aliyense ndi mbale wa mnzake. Ndikakulolani inu, Joana nayenso apeza msuweni. Lanu ndi Lamulungu, si choncho? Tisagwetse dongosolo, linativuta kukonza."

Mawu oti ndi ya amuna anga anali pakhosi. Chaka chonse ndinali ndisanawatchule pamaso pa mwamuna wachilendo, ndipo kwathu mkazi saponya dzina la malemu pachipata ngati akuitanira malonda. Ndinkafuna ndipeze poyambira. Ndisanapeze, njinga inalira, n'kundisiyira utsi.

Abiti anali atanyamuka kale kukagona kwa Che Jafali, atatenga ndi Asiyatu, ndipo foni yawo inali yozima monga imakhalira masiku ambiri. Ndinaganiza ndekha. Ine ndinali watsopano pa onse. Ndikangojomba, usipa n'kuwonongeka, wochotsedwa ndine, ndipo nyumba yopanda chakudya ndidzaitani? Komanso masiku ena tinkamaliza kufutsa dzuwa likadali pansi, pomwe duwa amawerenga cha kumasana. Ndinati ndilawirira, ndifutse msanga, ndithamange. Mpunga ndiphonya kupeta, koma duwa ndikaipeza.

Loweruka lija usipa unafa monga sindinauonepo. A Gondwe anali kudoko kugula, ndipo a njinga ankangobwera ndi mabeseni, kutsitsa, kubwerera, kubweranso. Kumatenti tinalipo atatu: ine, Joana, ndi Mayi Nachisale, mayi wachikulire wa mwendo wovuta amene sakanatha kuima pamoto. Ntchito ya amayi ambiri inagwera ife. Mayi Nachisale anakhala pansi kusankha. Joana ankatsuka ndi kuthamangira kutenti. Ine ndinaima pamgolo.

Kumiza, kuyang'ana maso, kutukula, kukhetsa. Kusonkhezera nkhuni ndi phazi. Kuthira mchere madzi akachepa mphamvu. Kumiza, kutukula. Nthunzi inkandiwotcha kumaso, mikono inkanjenjemera potukula sefa. Nthawi iliyonse ndikacheuka, mabeseni anali ochuluka kuposa pamene ndinacheuka komaliza. Tinawafunda ndi masaka onyowa n'kuwakokera pamthunzi wa sitolo, koma mthunziwo unkachepa dzuwa likamakwera.

Joana ankadziwa za sadaka. Anaima ndi sefa yopanda kanthu m'manja.

"Felesita, pita. Tiona chochita."

"Muona chiyani awiri?"

Anayang'ana mabeseni, anayang'ana mwendo wa Mayi Nachisale. Ndinamiza sefa ina.

Dzuwa linali litakwera ndithu pamene Esnati anadutsa panjira ya kumpanda, atavala zoyera za kutchalitchi, nsapato zopukuta. Anandiona pamoto, anaima.

"Iwe Felesita! Ukutani pano? Si lero sadaka ya amuna ako?"

"Ndi lero."

"Nanga?"

"Ndine wa Lamulungu."

Anafika pachipata, koma sanalowe. Ndinaona maso ake akuyenda pamabeseni, zala zake zikufinya chikwama. Sabata inali italowa kale dzulo lake dzuwa litalowa. Sindinamupemphe kuti agwire, ndipo sindikanafuna kuti agwire chifukwa cha ine.

"Nsomba lero sindikhudza," anatero. "Koma pakamwa panga sipasunga Sabata."

Anatembenuka, n'kulunjika kudoko, nsapato zake zikumira mumchenga. Zimene anakanena kumeneko ndinamva kwa asodzi pambuyo pake. Akuti anawaitana a Gondwe ndi dzina lawo lenileni pamaso pa ogula onse, n'kuwafunsa ngati kwawo ku Rumphi mkazi amafutsa nsomba tsiku lokumbukira mwamuna wake.

Sipanapite nthawi njinga inafika. A Gondwe anaizimitsa, anatsika, anabwera pamoto. Nkhope yawo inali itagwa.

"Mayi, bwanji simunanene?"

"Ndinanena, bwana."

"Munati ndi ya kwanu."

"Eya. Ndi ya kwathu."

Anavula wotchi, n'kuiponya m'thumba, n'kulanda sefa m'manja mwanga. Akanandiperekeza okha ndi njinga yawo, pamoto pakanasowa munthu, ndiye anaimitsa wa kabaza amene anali atangotsitsa beseni. "Pitani nawo kwa Che Jafali. Msanga." Kwa ine anati, "Musadutsenso kunyumba." Ndinavula epuloni ndi magambutsi, ndinasamba m'manja pamjigo, n'kukwera ndi chitenje chomwecho cha kuntchito.

Titafika, amuna anali akudzuka pamikeka, ena akusamba m'manja. Miphika ikuluikulu inali itapendekeka, ana akukokota. Duwa inali itawerengedwa, ndipo shehe anali atapita kumaliro ena. Amayi onse anali atavala zoyera ndi mipango yochapa. Ine ndinatsika panjinga mamba ali m'mikono, fungo likunditsogolera. Amayi amene anali pafupi anasendera pang'ono.

Asiyatu anandithamangira. "Amayi, munali kuti? Amakufunsani. Azakhali amati mwina mwapita kutchalitchi."

Abiti anatuluka kuseri kwa nyumba atagwira chipande. Atandiona, chipandecho chinatsika pang'onopang'ono. "Mlamu, ndimayesa mwadwala. Ndimati nditume munthu." Ndinawauza mwachidule. Anagwira pakamwa.

Che Jafali anali pansi pa mtengo wa mango ndi akuluakulu ena, alongo awo atakhala chapatali. Ndinapita n'kugwada.

"Mlamu, mwafika," anatero. "Tamva kuti munali kuntchito."

"Ndinali kuntchito, alamu."

"Ntchito ndi yabwino. Munthu wa ntchito savutika kupeza pokhala."

Abiti anagwada pambali panga n'kuyamba kufotokoza m'Chiyao, mofulumira, akudzimenya pachifuwa, kuti iwo ndiwo anapempha molakwika, kuti kapitao ndi mlendo, kuti ine ndinali pamoto kuyambira m'bandakucha. Che Jafali anamvetsera mpaka kumapeto, osadula. Si munthu wankhanza. Abiti atatha, Che Jafali anapukusa mutu pang'ono.

"Zamveka, Abiti. Koma takhala pano kuyambira m'mawa, anthu achokera kutali, ndipo tagamula kale. Sitingaitanenso anthu amene anyamuka."

Chigamulo chinali chakuti ndamasulidwa. Katundu wa m'nyumba ndi wanga. Nyumba ndikhalemo mpaka mvula ithe, anthu akolole, kenako ilowe m'manja mwa mwana wa mlongo wawo. Asiyatu ndi wawo, khomo lili lotsegula, koma akafuna kutsatira mayi ake, atsatire. Ndinawomba m'manja monga mwa ulemu, n'kudzuka. Amayi anandipatsa mpunga wa pansi pa mphika, wopserera m'mbali. Ndinadya wonse, chifukwa unali wa amuna anga.

Lamulungu a Gondwe anapita okha kwa Che Jafali, atatenga Abiti kuti aziwamasulira. Anawalandira bwino, anawayalira mkeka, anawapatsa tiyi. A Gondwe anapepesa, Che Jafali anati palibe mlandu, mlendo salakwa. Koma chigamulo sichinasinthe. Mabeseni angapo a Loweruka lija anawonongeka, ndipo ena a Gondwe anawafutsa mopitirira mpaka kusanduka phala. Kwa eni kampani ananena kuti wolakwa ndi iwo, ndipo dzina langa kapena la Joana silinatchulidwe.

Mpaka lero sindidziwa ngati kupezeka kwanga kukanasintha kanthu. Abiti amati kukanasintha, chifukwa alongo awiri anali kumbali yanga mpaka pamene dzuwa linakwera ine osaoneka. Joana amati ayi, nyumba ija anagawana kale maliro asanaikidwe. Ndinaleka kufunsa. Chimene chimandiwawa ndikadzuka pakati pa tulo si malata okha. N'chakuti anthu anakweza manja kupempherera a Kassimu, ine ndikuyang'ana maso a usipa.

Masiku atatu aja a Gondwe sanawathetse, ndipo anachita bwino, chifukwa ndi othandiza. Koma sabata yotsatira anayamba chinthu china. Ankatenga beseni, kulivundikira pansi, n'kukhala pambali pa mayi mmodzi akusankha usipa, n'kumacheza naye. Poyamba amayi ankaopa, ankayesa akufufuza woti amuchotse. Esnati ndiye anawauza kuti, "Yankhani, mwana akuphunzira." Zimene zinatuluka zinawadabwitsa. Mayi wina wa Lachisanu ankafunika tsiku limodzi pamwezi kukatenga mankhwala kuchipatala, ndipo nthawi yonseyi ankanamizira maliro. Mayi Nachisale ndi wa Lamulungu, koma akulera zidzukulu za Chisilamu, ndipo pa Idi ankazisiya zokha m'nyumba anzawo akudya mpunga. Joana ali ndi abale kutsidya kwa malire, ndipo kukagwa zovuta kumeneko tsiku limodzi silikwanira kupita ndi kubwera.

Dongosolo lija linasiya kukongola. Sabata iliyonse pankakhala zokambirana, kusinthana, nthawi zina kukangana. Tsiku lina ndinawapeza a Gondwe atakhala pakhomo la sitolo, atagwira mutu.

"Mayi Felesita, zinali zophweka muli magulu atatu."

"Zinali zophweka kwa inu, bwana."

Anaseka pang'ono, mwaulesi. "Ee. Kwa ine."

Mvula itatha ndinasamuka. Ndinapeza chipinda cha lendi kufupi ndi doko, cha udzu, chodontha pakona imodzi. Asiyatu anabwera nane, ndipo kumadrasa amapitabe. Kwa azakhali ake amapita pa Idi, n'kubwera ndi nkhani za mmene apakira utoto nyumba ija. Ine njira ya kumeneko sindidutsa. A Gondwe anawasamutsira kumatenti ena cha ku Makanjira, ndipo pochoka anauza eni kampani kuti pamoto ndi posankha ndiziyang'anira ine. Si udindo waukulu. Ndimagwirabe sefa ngati wina aliyense, kungoti amayi akafuna kuchoka amayamba kwa ine.

Kuyang'anira anthu osiyana mitundu ndi mapemphero n'kotopetsa kuposa kutukula sefa. Mapoto osiyana ndi osavuta, umagula kamodzi. Chovuta n'chakuti munthu sakwana m'gulu limene wamuikamo, ndipo amene zamuvuta kwenikweni sanena mokweza, sanenanso kawiri. Amanena theka, n'kuyang'ana pansi, kudikira kuti umufunse. Nthawi imeneyo nthawi zambiri moto umakhala ukuyaka, mabeseni ali pamzere, mutu uli kwina.

Mwezi wathawu mayi wina watsopano, amene anabwera kuchokera ku Mponda, anadutsa pamgolo atasenza beseni. Osaima, osandiyang'ana, anati, "Mayi, mawa kwathu kuli zina." Usipa unali wambiri tsikulo, ndipo mawa lake linali Loweruka. Pakamwa panga panali patakonzeka kale kunena kuti aliyense kwawo kuli zina. Ndinamupatsa Joana sefa, ndinamutsitsa mayiyo beseni, n'kupita naye kuseri kwa sitolo. Tinakhala pansi.

"Zina zake ziti, mayi?"

Anayamba kukanda mchere pachala. Joana ankandiitana kumoto. Ndinadikira. Kenako anayankhula, ndipo zimene ananena ndi zake, sindilemba pano. Mawa lake malo ake ndinagwira ndine pamodzi ndi anga, ndipo msana unandipweteka mpaka Lachiwiri.